Cochlear implant kwa mwana woikidwa chiwindi china: makina ndi abwino, koma funsani za maginito musanasaine

Amayi angapo a kutchalitchi kwathu kuno ku England komanso achibale kumudzi akhala akundifunsa kuti kodi timakina tothandiza kumva totchedwa cochlear implant tomwe mwana wanga amavala kumutu tikuthandizadi kapena ndi zongotaya nthawi, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Mwachidule ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Makinawo paokha ndikanapereka zonse 5 osaganiza kawiri, koma imodzi ndachotsa chifukwa cha momwe zipatala zimagwirira ntchito mwana akakhala ndi mavuto awiri, chiwindi uku khutu uku, aliyense amangoyang'ana chiwalo chake ndipo wolumikiza zonse umakhala iweyo kholo. Chipatala sindichitchula dzina, kampani ya makina athu sinditchulanso, chifukwa zomwe ndikudandaulazo ndamva makolo a m'zipatala zina akudandaulanso chimodzimodzi.

Mtsikana wanga anabadwa ndi matenda omwe madokotala amati biliary atresia, njira zotulutsa ndulu m'chiwindi zimakhala zotsekeka ndiye mwana amakhala ndi chikasu chosatha, chimbudzi chake chimayera mbuu. Anamuchita opaleshoni ija amati Kasai ali wakhanda koma sinagwire, chiwindi chinapitirira kuwonongeka mpaka tinafika poti akufunika china, ndipo bambo ake ndi omwe anapereka chidutswa cha chawo. Opaleshoni yoika chiwindi inayenda bwino, vuto linabwera pambuyo pake, analowa matenda m'magazi nkubwerera ku ICU, ndipo kumeneko analandira ma antibayotiki amphamvu a gulu la gentamicin ndi amikacin, kuphatikizapo furosemide wochotsa madzi m'thupi. Mankhwala amenewa amadziwika kuti amatha kuwononga timaselo ta mkati mwa khutu, mu kachiwalo kozungulira kotchedwa cochlea, ndipo akaphatikizana ngozi yake imakula. Timaseloti tikafa sitimeranso. Palibe dokotala amene angakulozereni botolo limodzi kuti ili ndi lomwe lapha makutu, ndipo ine mankhwalawo sindiwasungira chakukhosi ayi, popanda iwo bwenzi lero tikukamba zina.

Chomwe chimandipwetekabe ndi choti atatuluka palibe anatiuza kuti tikamuyezetse makutu. Magazi ankayezedwa pafupipafupi, tacrolimus, mankhwala otsitsa chitetezo kuti thupi lisakane chiwindi chatsopanocho, akukwera akutsika aliyense ali tcheru, koma khutu zii. Pepala lake la kubadwa linkaonetsa kuti anapambana mayeso a makutu omwe amayeza khanda lililonse kuno, nde nditayamba kudandaula ku chipatala chathu cha m'dera kuti mwanayu sakutembenuka ukamuitana, timawu tomwe anayamba kutchula tasowa, ankangoti wadwala nthawi yaitali achedwako kuyankhula, mupatseni nthawi. Wina anafika ponena kuti mwina ndi chifukwa choti kunyumba timayankhula zilankhulo ziwiri. Aaa. Mawu omwe amayamba kutayika ndi mankhwalawa ndi opyapyala aja, monga s ndi sh, nchifukwa chake poyamba mwana amaoneka ngati akumvabe poti chitseko chikamenyeka amadzidzimuka, koma mawu a anthu sakuwazindikira, ndipo kwa ena vutoli limapitirira kukula ngakhale mankhwala atasiya kale. Ngati mwana wanu waikidwa chiwindi, impso kapena mtima ndipo anagonako ku ICU, pemphani kalata yopita kwa audiologist, katswiri woyeza makutu, inuyo, musadikire kuti wina akumbukira.

Titangofika ku timu ya ma implanti zinthu zinasintha, apa pokha ndiwayamikire. Anatifotokozera lamulo lomwe amatsata, la bungwe la NICE lomwe linasinthidwa mu 2019, loti munthu ayenera kukhala kuti samva phokoso lochepera ma decibel 80 pa mitundu iwiri kapena kuposa ya mawu m'makutu onse, ndipo ayambe wayesa ma hearing aid kwa miyezi yosachepera 3 kuti zioneke ngati sakuthandiza. Kwa ana NHS, zipatala za boma za kuno, imaika makutu onse awiri pa opaleshoni imodzi, ndipo sitinalipire kalikonse, makina, opaleshoni, mabatire, zingwe zosinthira, zonse. Anzanga omwe muli pa viza ya care, chithandizo cha NHS mwana amalandira ndithu, koma ndalama zija za DLA, zomwe boma limapereka kwa ana olumala, zili m'gulu la thandizo la boma lomwe amati public funds nde onani kaye zomwe zalembedwa pa viza yanu musanapemphe, musadziputire mavuto a mapepala. Ma hearing aid kwa ife sanaphule kanthu, ankangolira tswii iye nkumawazula kuwaponya pansi pa sofa.

Kwa omwe simunaonepo, cochlear implant si hearing aid yaikulu ayi. Hearing aid imangokweza mawu, pomwe implanti imadumpha timaselo takufa tija nkukakhudza mtsempha wa kumva ndi timagetsi. Ili ndi zigawo ziwiri. Chamkati amachiika pansi pa khungu kuseri kwa khutu, chili ndi kawaya kofewa kolowa mu cochlea. Chakunja ndi purosesa yokhala ndi maikolofoni ndi batire, ndi koyilo yomwe imamatirira kumutu ndi maginito. Akavula chakunjacho samva kalikonse, pogona, posamba ngati mulibe kachikwama kake ka m'madzi, zii. Makampani akuluakulu omwe mungakumane nawo ndi Cochlear ya ku Australia, MED-EL ya ku Austria ndi Advanced Bionics ya ku America. Mudzamva zoti ya Cochlear ili ndi ma electrode 22, timfundo ta pa kawaya kaja totulutsa timagetsi, ya Advanced Bionics 16, ya MED-EL 12, ndipo bambo ake poti ndi munthu wa manambala anangoti basi titenge ya 22, koma audiologist anaseka nati sizikuyenda choncho, ana akuchita bwino ndi onse atatu. Si zinthu zatsopano zoti akuyesera pa ana athu, Ingeborg ndi Erwin Hochmair ku Vienna anayamba mu 1977, Graeme Clark ku Melbourne mu 1978, ndipo ku America anavomereza kuika mwa ana mu 1990.

Funso lenileni kwa mwana ngati wathu ndi la MRI, ndipo ili ndi lomwe ndikufuna mulitenge ngakhale zinazo muiwale. Mwana woikidwa chiwalo moyo wake wonse ndi wa masikani, wa chiwindi nthawi ina iliyonse akhoza kufunika MRI yoona njira za ndulu ngati zayamba kuthina. Tsono MRI ndi chimaginito champhamvu ndipo m'mutu mwa mwana mwaikidwanso maginito, awiri ngati ndi makutu onse. Ma implanti akale ankafuna kuti amumange mutu ndi bandeji yothina kwambiri, kapena achite kaopaleshoni kochotsa maginito kenako kuwabwezera, ndipo kwa mwana yemwe chitetezo cha m'thupi chinatsitsidwa dala, bala lililonse ndi khomo la matenda. Atsopanowa ali ndi maginito omwe amatembenuka okha kutsata mphamvu ya sikanala, MED-EL anatulutsa mu 2014, Advanced Bionics mu 2018, Cochlear mu 2019. Ngakhale zili choncho musangomva zoti ndi yatsopano, funsani dzina lenileni la chigawo chamkati, funsani ngati chimalola sikanala ya mphamvu ya 1.5 ndi ya 3 Tesla osachotsa maginito, ndipo akulembereni. Ife funsoli anatikumbutsa ndi nesi wa ku chiwindi tili pakhonde, osati a makutu, iwo anali otanganidwa kutionetsa mitundu ya makava, pinki kapena buluu. Amakupatsani kakhadi ka implanti, kajambuleni pa foni, chifukwa a sikani pena amakana kumulowetsa mpaka aone nambala yake, ndipo akulondola kutero. Komanso dokotala aliyense wodzamuchita opaleshoni ina mtsogolo auzidwe, chifukwa makina aja owotchera mitsempha ndi magetsi, a mtundu wa monopolar, saloledwa kugwiritsidwa ntchito pafupi ndi mutu ndi khosi la munthu wa implanti.

Kukonzekera opaleshoni ndi komwe nyenyezi ija inagwera. Timu ya makutu inkadikira kalata ya a chiwindi yonena kuti mwana wakhazikika, a chiwindi ankadikira kuti a makutu anene tsiku kuti akonze za mankhwala, makalata akudutsana panjira, ine pakati ndi foni kukhutu pa nthawi ya buleki kuntchito. Zofunika kuzikonza zinalipo zenizeni. Munthu wa implanti ali pa chiopsezo chokulirapo cha matenda oumitsa khosi, nkhaniyi inadziwika kwambiri mu 2002, nde asanaikidwe ayenera kukhala atabaya katemera wa pneumococcus mokwanira. Ameneyu mwana woikidwa chiwalo amaloledwa poti si katemera wamoyo, omwe saloledwa mwachisawawa ndi monga wa yellow fever, koma thupi lomwe lili pa tacrolimus silimuyankha katemera mwamphamvu ngati la ana ena, ndiye dokotala wa chiwindi ndi amene ayenera kunena zochita. Tacrolimus sanamusiyitse, sangasiye. Poti anali akumwabe steroid wotchedwa prednisolone pang'ono, ogonetsa anayenera kudziwa kuti amuwonjezere pa tsikulo, ndipo mankhwalawa amachedwetsanso bala kupola.

Tsono tsiku lotuluka anatipatsa pepala lija amapatsa aliyense, lakuti mwana akamva ululu mupatseni paracetamol ndi ibuprofen. Ibuprofen! Kwa mwana wa tacrolimus, yemwe a chiwindi anatilumbiritsa kuti asadzayerekeze kumwa chifukwa awiriwa akakumana amapweteka impso. Nditamuonetsa nesi anapepesa nkufufuta ndi cholembera, koma ndinaganiza za kholo lomwe langobwera kumene, Chizungu chikuvuta, latopa, lomwe likanangotsata pepala. Chimodzimodzi ma antibayotiki, clarithromycin ndi erythromycin amakweza tacrolimus m'magazi mpaka kufika poipa, ndipo ndi omwe madokotala a m'dera amathamangira mwana akakhala kuti penicillin samuyanja. Khutu la mwana wa implanti likayamba kupweteka kapena kutuluka mafinya sikuti tidikire tione mawa, mumapita tsiku lomwelo, koma musanagule mankhwala imbirani a chiwindi muwawerengere dzina lake. Opaleshoni yeniyeniyo inatenga maola angapo, anatuluka ndi chibandeji kumutu, anadzandira pang'ono poyenda kenako zinatha, bala linapola bwinobwino ngakhale mochedwerapo. Dokotala wopanga opaleshoniyo ndilibe naye chifukwa, dzanja lake ndi labwino ndipo anameta tsitsi lochepa kwambiri.

Makina sayatsidwa tsiku lomwelo, amadikira milungu ingapo kuti kutupa kuphwe. Mavidiyo aja mumaona pa Facebook mwana akumwetulira mayi akulira ndi chimwemwe, iwalani. Wathu analira mokuwa nkuthothola koyilo, nkukabisala kumbuyo kwa bambo ake. Akuluakulu omwe anaikidwa atakula amati poyamba mawu amamveka ngati wailesi yomwe sinagwire bwino siteshoni, ubongo ndi umene umaphunzira pang'onopang'ono kuti phokoso ili ndi dzina langa, ili ndi madzi akutuluka pa mpope. Nde pamakhala maulendo ambiri a mapping, audiologist amalumikiza purosesa ku kompyuta nkumakweza mphamvu ya electrode iliyonse pang'onopang'ono, mwana akusewera gemu yoponya kachidole mu bokosi akamva kulira. Chaka choyamba maulendowa ndi ochuluka zedi, muwaphatikize ndi a kuyezetsa magazi, muona kuti holide yanu yonse ya kuntchito yathera m'makhonde a chipatala. Tinapempha kuti aziika tsiku limodzi ndi la chiwindi, pena zinkatheka pena ayi. Mamawa uliwonse timayesa mawu 6 aja amati a Ling, aa, ii, uu, mm, sh, s, ine nditabisa pakamwa iye nkumabwereza, ndipo ndi njira yachangu yodziwira kuti chingwe chaduka mkati kapena maikolofoni yatsekeka iye asanapite kusukulu.

Nkhani ya tsitsi ndiyomwe palibe kabuku kalikonse komwe tinapatsidwa kanaikamba, zithunzi zonse ndi za ana a tsitsi lopyapyala loterera. Tsitsi lathu ndi lokhuthala, likangokula pang'ono koyilo imatalikirana ndi khungu, imagwa yokha kapena purosesa imayamba kuthwanima kuti yataya kulumikizana. Njira yachidule yomwe anatipatsa inali kuika maginito amphamvu kwambiri kunjaku, ndipo inagwiradi, koma maginito amphamvu amafinya khungu pakati, ndipo khungu la mwana wa ma steroid ndi losachedwa kuchita bala. Anatiuza kuti tiziyang'ana ngati pafiira. Pafiira bwanji pa khungu lakuda? Ine ndinazindikira chifukwa ankadzikanda pomwepo ndipo nditakhudza panali potentha, pakada kuposa pena, patayamba kulowa mkati. Bala la pamenepo likalowa matenda mpaka kufika pa implanti, nthawi zina mapeto ake nkuichotsa yonse. Tinabwerera ku maginito ofooka nkusintha kaluko. Pano timaluka mizere yozungulira malowo, pakati nkusiya kabwalo kometa pafupi ndi khungu, ndipo palibe amaona poti koyilo imaphimba. Mesh ndi mikanda pafupi ndi pamenepo tinasiya, mafuta a tsitsi timapaka usiku akavula chifukwa amatseka timabowo ta maikolofoni. Mayi yemwe amamuluka pano anazolowera, amayamba wafunsa kuti mabatani ali pati. Usiku uliwonse gwirani malowo ndi chala, maso okha sakwanira.

Pa za tsiku ndi tsiku makinawa ndi olimba kuposa momwe amaonekera, agwa pa simenti, alowa mu phala, akugwirabe. Chomwe chimafooka msanga ndi kachingwe kopita ku koyilo, khalani ndi kena mu chikwama nthawi zonse. Mabatire otchaja ang'onoang'ono aja, omwe amakwana bwino pa khutu la mwana, kwa ife safika madzulo, timasintha akaweruka. Alipo otaya a nambala 675 osungira pangozi, koma amenewo bisani patali, mwana akameza batire lotere ndi nkhani ya ambulansi. Usiku zonse zimagona mu kabokosi koumitsa chinyezi. Apu ya pa foni imathandiza kuona kuti wavala maola angati patsiku komanso kusaka purosesa ikatayika, yathu tinaipezapo mu nsapato ya mchimwene wake.

Za chilankhulo, wophunzitsa kuyankhula wa timu ya implanti ananena mosapsatira kuti tiziyankhula naye Chichewa kunyumba, chifukwa mwana amafunika kumva mawu ambiri ochokera kwa munthu yemwe akuyankhula momasuka, osati Chizungu chokakamiza. Nde timamuimbira nyimbo za kwathu, timamutuma, timamukalipira m'Chichewa. Pano amayankhula ziganizo, Chizungu chili patsogolo poti ndi cha kusukulu, Chichewa amamva bwino nkumayankha mosakaniza. Agogo ake akaimba foni amati "Agogo, mwadzuka bwanji", iwo kumeneko nthungululu. Koma ndisakunamizeni kuti wafanana ndi anzake pa zonse, pa phokoso monga ku holo ya tchalitchi kapena m'galimoto amasochera, amatopa msanga ndi kumvetsera, ndipo kusukulu mphunzitsi amavala kamaikolofoni kotumiza mawu ku purosesa. Mphunzitsi wa ana osamva wochokera ku khonsolo ndi amene anatimenyera nkhondo imeneyo, ndipo a National Deaf Children's Society ali ndi malangizo abwino aulere. Timaphunziranso BSL, chinenero chamanja cha kuno, ngakhale achibale ena ankati mukamuphunzitsa manja sadzayankhula. Bodza. Akagonekedwa ndi malungo a m'thupi, mutu ukuwawa sakufuna kuvala kalikonse, manesi akubwera ndi jakisoni usiku, manja ndi omwe amatithandiza kumuuza zomwe zikuchitika.

Achemwali anga ku Blantyre anandifunsa ngati zoterezi zingatheke kumudzi, poti mwana wa neba wawo anasiya kumva atadwala kwambiri. Ma implanti aikidwapo ku Malawi, Dr Wakisa Mulwafu, dokotala woyamba wa ku Malawi wa makutu, mphuno ndi mmero, wagwirapo ntchitoyi mothandizana ndi madokotala ochokera ku UK, koma ndi ana ochepa omwe apeza mwayiwu ndipo zimadalira othandiza. Poyambira ndi kuyezetsa, ku Queens kuli a makutu, ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic. Ku South Africa ntchitoyi ndi yakale, Tygerberg ku Cape Town anayamba mu 1986. Gentamicin kwathu ndi jakisoni wa tsiku ndi tsiku m'mawodi a ana, kwinini nayenso amadziwika ndi zoliza makutu, nde mwana yemwe wadwala kwambiri nkuchira kenako nkukhala chete, ayezedwe msanga, makamaka ngati anadwala matenda oumitsa khosi chifukwa amenewo amatha kuumitsa cochlea kukhala fupa kawaya nkukanika kulowa. Ndinawauzanso achemwaliwo kuti opaleshoni ndi gawo laling'ono, afunse kuti mapping azikachitira kuti, chingwe chikaduka china chichokera kuti, ndipo mabatire azitchaja bwanji magetsi akazima. Ifenso tikukonza zobwera naye kumudzi koyamba, a chiwindi avomera bola tinyamule tacrolimus wokwanira mu chikwama cha m'manja ndipo mankhwala oteteza malungo asankhe iwo, a makutu atilonjeza kutibwereka purosesa yapadera ya paulendo, koma fomu yake akuti tidzaze kudakali mwezi wathunthu.